Lipoti la mlembi amene liwiro lotayipa linawathawa atayamba kulemba Chichewa

Lipotili likunena za mayi wina wa zaka za m'ma 50, mlembi wa mu ofesi, amene abwana awo anawatumiza kwa ine kuti ndiwakumbutse kutayipa. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa kutayipa ndi zina za mu ofesi, ndipo kupatula achinyamata ndimalandiranso anthu amene ali kale pa ntchito. Dzina la mayiwa ndi la ofesi yawo sinditchula, koma eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Ndailemba yonse poganizira aphunzitsi anzanga, chifukwa mankhwala amene ambirife tikanathamangira kupereka, oti munthu abwerere ku mabatani oyambira kuphunzirapo, asdf ndi jkl, n'kumayang'anitsitsa zala zake, ndi omwe akanakulitsa matendawo.

Mmene vutoli linayambira

Mayiwa anaphunzira kutayipa ali mtsikana, pa taipi ya riboni ija yofuna kumenya ndi mphamvu, kenako anasamukira pa kompyuta ngati anzawo onse. Kwa zaka zoposa 25 ankatayipa makalata, mamemo ndi malipoti a Chingerezi, ndipo panalibe bwana amene anawadandaulapo. Zinthu zinasintha atawasamutsira ku dipatimenti ina, kumene ntchito yambiri ndi maminitsi a misonkhano ya mafumu ndi makomiti a m'midzi, olembedwa pamanja m'Chichewa. Mwezi womwewo anawachotsera kompyuta ya pa desiki n'kuwapatsa laputopu.

Sipanapite nthawi, mafayilo anayamba kuunjikana ndipo zolakwika zinachuluka. Abwana anayamba kumaima kumbuyo kwawo akamatayipa, ndipo manong'onong'o akuti ndi ukalamba anamveka mu ofesimo. Poopa kulakwitsa, mayiwa anayamba kuyang'ana zala, chinthu chimene anasiya ali kusukulu, koma m'malo mochepa zolakwikazo zinawonjezeka. Chimene chinawasowetsa tulo kwenikweni chinali funso la mtsikana wina wophunzira ntchito. Anandifotokozera chonchi: "Aphunzitsi, mwana uja anandifunsa kuti b ali pati, ine kakasi. Zaka zonsezi ndikutayipa, lero b ndisamudziwe? Ndiye kuti mutuwu wayamba kutha." Mayi awo owabereka anadwala matenda oiwalaiwala atakalamba, choncho mantha amenewa sanali a chibwana.

Ndisanawayeze liwiro ndinafunsa za thanzi, chifukwa pali zina zimene mphunzitsi wa kutayipa sayenera kuziseweretsa. Munthu amene dzulo amatayipa bwino koma lero wadzuka akulephera, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Mu 2002 madokotala a ku Japan, motsogozedwa ndi Mika Otsuki, analemba za bambo wina amene sitiroko ya kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanzere, inamulanda luso lotayipa pamene kulankhula ndi kumva zonena za ena kunali bwinobwino. China ndi dzanzi. Mu 1995 Andrew Gordon ndi John Soechting anachititsa dzanzi nsonga ya chala chimodzi cha anthu odziwa kutayipa, ndipo zolakwika za chala chimenecho zinachuluka ngakhale kuti liwiro silinasinthe kwenikweni. Ndiye munthu amene zala zimamuchita dzanzi usiku, makamaka chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ayenera kukaonetsa mitsempha ya m'dzanja tisanayambe kumupatsa ntchito yotayipa. Mayiwa analibe chilichonse mwa izi. Vuto linabwera pang'onopang'ono, linayambira pa kusamutsidwa kuja, ndipo BP ndi shuga anali atayezetsa posachedwa.

Zimene ndinayeza

Pa ntchito yathu zilembo zisanu, kuphatikizapo mpata, timaziwerenga ngati liwu limodzi. Muyezo umenewu umatithandiza kuyerekeza Chichewa, chimene mawu ake ndi aatali, ndi Chingerezi popanda kukondera. Ndinawapatsa ndime ya Chingerezi yosindikiza, pa kiyibodi wamba ya pa desiki, ine nditakhala chapatali. Anadutsa pang'ono mawu 60 pa mphindi, zolakwika zowerengeka. Pa laputopu yawo liwirolo linatsika pang'ono. Pa ndime ya Chichewa yosindikiza anali m'ma 40, ndipo pa maminitsi awo enieni olembedwa pamanja sanafike 30. Nditaima kumbuyo kwawo, monga amachitira abwana, maso anatsikira ku zala, mapewa anakwera, ndipo ngakhale Chingerezi chomwe chija chinayamba kudukaduka.

Apa nkhani ya ukalamba inagwa yokha. Zala zokalamba sizingathamange pa Chingerezi n'kutopa pa Chichewa m'mawa umodzi womwewo.

Kenako ndinawapatsa pepala lojambulidwa kiyibodi yopanda zilembo kuti adzaze. Analemba q, w, e, r, t, y mosavuta, analemba a, s, d, f, kenaka anaima. Ndinaona zala zawo zikugwedezeka pa tebulo. Ankatayipa mawu m'malere, n'kuona kumene chala chapita, ndiyeno n'kulemba chilembocho. Mzere wa pansi unawavuta kwambiri. Pomaliza anapeza zopitirira pang'ono theka, ndipo anandiyang'ana ndi nkhope yakuti mwaona zimene ndimanena zija.

Ndinawauza kuti akhoza ngati akatswiri anzawo. Kristy Snyder ndi Gordon Logan a ku yunivesite ya Vanderbilt ku America, pamodzi ndi anzawo a ku Kobe ku Japan, anachita mayeso omwewa pa anthu 100, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Anthuwo ankatayipa mawu pafupifupi 72 pa mphindi, molondola 94 pa 100 iliyonse. Atapatsidwa kiyibodi yopanda zilembo ndi masekondi 80, ankangokhoza zilembo pafupifupi 15 mwa 26. Kusadziwa pamene pali b si chizindikiro cha matenda. Ndi mmene luso lokhwima limakhalira. Mayiwa anapuma mpweya wautali, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la chithandizo chonse linachitika pa mphindi imeneyo.

Chifukwa chake zili choncho

Munthu wotayipa mawu 60 pa mphindi amamenya mabatani 300, ndiye kuti asanu pa sekondi iliyonse. Palibe mutu umene ungaganize kasanu pa sekondi kuti chilembo ichi chili apa, chipite chala ichi, ndione ngati chafika. Karl Lashley anali atanena kale mu 1951 kuti ntchito zothamanga chonchi sizingayende ngati unyolo woti chilichonse chidikire chinzake. Dongosolo lake limakonzedwa ntchitoyo isanayambe. Akatswiri a ku San Diego, m'gulu la David Rumelhart ndi Donald Norman, atajambula manja a anthu otayipa ndi makamera othamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaona kuti zala zingapo zimanyamuka nthawi imodzi. Chala cha chilembo chachitatu chimakhala chili kale m'njira choyamba chisanamenye.

Logan ndi mnzake Matthew Crump amafotokoza kuti ntchitoyi ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba limawerenga kapena kuganiza chiganizo, n'kumatulutsa mawu limodzi ndi limodzi, ndipo limayang'ana pa sikirini kuti lione ngati zatuluka bwino. Gawo lachiwiri limalandira liwu lathunthu, n'kuligawa m'zilembo, n'kusankha dzanja, chala ndi batani, ndipo limadziwa ngati lalakwa mwa kumva kwa nsonga za zala. Magawo onse awiri ali mu ubongo, koma mu lipotili ndizingoti mutu ndi zala. Mutu sudziwa mmene zala zimagwirira ntchito yake, ndipo sufunika kudziwa. Zili ngati wokwera kabaza: amangotchula kumene akupita, wopalasa ndiye adziwa mabampu ndi njira zachidule. Wokwerayo akachita mantha n'kugwira nawo mahandulo, onse awiri agwa.

Zimenezi Logan ndi Crump anazionetsa mu 2009. Anauza akatswiri kuti atayipe zilembo za dzanja limodzi lokha, zinazo azidumpha. Kuti achite zimenezi anayenera kuyamba kuganiza kuti chilembo chilichonse ndi cha dzanja liti, ndipo liwiro lawo linagwa kotheratu, zolakwika n'kuchuluka. Mayeso amenewa ndinawachita ndi mayiwa pa ndime ya Chingerezi imene anali atangoitayipa bwino. Sanamalize mzere woyamba. Anachotsa manja pa kiyibodi n'kunena kuti, "Ndiye ndi zimene ndakhala ndikudzichita ndekha mu ofesi muja."

Paul Fitts ndi Michael Posner, mu 1967, anagawa kuphunzira luso m'masitepe atatu: poyamba munthu amaganiza chilichonse, kenako amalumikiza zidutswa, pomaliza ntchito imayenda yokha. Mayiwa pa Chingerezi anali pa sitepe yachitatu kwa zaka zambiri. Mantha ankawakokera ku yoyamba. Ndipo pa nkhawa yawo ya kuiwala ndinawauza za Henry Molaison wa ku America, amene atachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1953 sankathanso kusunga zinthu zatsopano m'mutu. Brenda Milner anamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pa galasi, ndipo tsiku ndi tsiku dzanja lake linkachita bwino pamene iye mwini sankakumbukira kuti anayeserapo. Zimene manja amadziwa ndi zimene munthu angathe kunena pakamwa zimasungidwa mosiyana.

Zimene kanema anaonetsa

Izi zinafotokoza chifukwa chake kuyang'ana zala kunkawononga, koma sizinafotokoze chifukwa chake Chichewa chinawavuta poyamba pomwe. Ndinajambula manja awo ndi foni akutayipa maminitsi, ndipo tinaonera limodzi pang'onopang'ono. Ndimalangiza mphunzitsi aliyense kuti azichita zimenezi, komanso kuti azimvetsera. Khutu limagwira msanga pamene phokoso la mabatani ladukira, ndipo funso lofunika ndi lakuti ladukira pati: liwu lisanayambe, kapena m'kati mwa liwu. Likadukira liwu lisanayambe, vuto lili kumutu. Likadukira m'kati, vuto lili ku zala. Mayiwa anali ndi zonse ziwiri.

Kuima kwakutali kunali kwa liwu lisanayambe. Kwina kunali kwa zolemba za alembi a makomiti, zimene zina zimafuna kuziyang'ana kawiri. Koma kwambiri kunali kwa kalembedwe. Alembe "kumudzi" kapena "ku mudzi"? "M'nyumba" kapena "mnyumba"? "Amfumu" kapena "a mfumu"? Mayiwa amalankhula Chichewa chokoma kuposa changa, koma monga ambirife, kuwerenga ndi kulemba kwa tsiku ndi tsiku anakuchita m'Chingerezi kuyambira kusekondale. Liwu la Chingerezi limafika ku zala litapsa kale. La Chichewa linkayamba lazengedwa mlandu.

Kuchedwa kumeneku n'koopsa kuposa mmene kumaonekera, chifukwa wotayipa waluso maso ake amakhala patsogolo pa zala. Timothy Salthouse anapeza kuti ukamubisira katswiri zilembo za kutsogolo n'kumusiyira zosakwana 7 kapena 8, liwiro lake limatsika, ndipo ukamusiyira chimodzi chokha amafanana ndi wophunzira. Mu 1984 iye anayeza anthu otayipa a zaka 19 mpaka 72. Achikulire ankachedwadi pa mayeso ongodina batani nyali ikayaka, koma pa kutayipa kwenikweni sankatsalira, chifukwa ankawerengera patali kuposa achinyamata. Mfundo imeneyi ndi imene ndinaitsindika polembera abwana awo. Mlembi wachikulire chuma chake ndi maso otsogola. Ukamupatsa pepala losawerengeka m'kalembedwe kamene sakutsimikiza, wamulanda chida chomwe chija chimene amagonjetsera zaka zake.

Kuima kwa m'kati mwa mawu kunali kwakufupi koma kochuluka, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa sindinaonepo buku lathu lophunzitsira likunena za izi. Kiyibodi wamba imene timagwiritsa ntchito, yotchedwa QWERTY, inachokera pa makina a Christopher Latham Sholes amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo amene ankaikonza ankaganiza za Chingerezi. Zilembo ziwiri zotsatizana zimathamanga zikakhala za manja osiyana, zimachedwerako zikakhala za dzanja limodzi, ndipo zimachedwetsetsa zikakhala za chala chimodzi, chifukwa chalacho sichinganyamuke chisanamalize ntchito yoyamba. Tsono taonani liwu lakuti "munthu". Mwa zilembo zake zisanu ndi chimodzi, m, u, n, h ndi u wachiwiri zonse ndi za chala chamkombaphala cha kumanja. T yekha ndiye wa kumanzere. Mu "nyumba", n, y, u ndi m zimatsatizana pa chala chomwecho, chikukwera ndi kutsika mizere itatu. Pa kanema chalacho chinkaoneka chikudumphadumpha chokha, zinzake zisanu ndi ziwiri zili duu kudikira. "Nkhuku" yense ndi wa dzanja lamanja. Mu "kukhululukira" dzanja lamanja limamenya zilembo 11 lamanzere lisanagwire kanthu. Kumanzere nako, a amene amapezeka paliponse m'Chichewa ali pa kachala kakang'ono, kofooka kuposa zonse, ndipo "za" ndi kachala komweko kawiri. Kachizindikiro ka mu "ng'ombe" ndi "m'mudzi" kali pa kachala kakang'ono ka kumanja. Pamene q ndi x, zimene Chichewa sichizifuna, zangokhala.

Izi sizikutanthauza kuti Chichewa sichingatayipidwe mothamanga. Ndikudziwa anthu amene amachiuluza. Koma zala zimaphunzira timagulu ta zilembo timene zakumana nato kambirimbiri, ndipo zala za mayiwa zinali zitakhuta "the", "ing" ndi "tion", osati "nyu", "mphw" ndi "dza". Umboni wake unali m'zolakwika zawo. Akafika pa "th", zala zinkamaliza zokha njira imene zinazolowera: "zatha" ankatuluka "zathat", "unatha" ankatuluka "unathe", "atha" ankatuluka "athe". Cholakwika chomalizachi ndi choipa, chifukwa "athe" ndi liwu lenileni ndipo limasintha zimene komiti inagwirizana. Zolakwika zoterezi si za munthu wosadziwa kutayipa. Wophunzira amaphonya batani n'kumenya loyandikana nalo. Katswiri amasinthanitsa zilembo ziwiri za manja osiyana, kapena amabwereza chilembo cholakwika, monga chitsanzo chotchuka cha Rumelhart ndi Norman cha "bokk" m'malo mwa "book", kapena amatengedwa ndi liwu lina lozolowereka.

Panalinso chinthu chachitatu chimene sindikanachiona popanda kanema. Pulogalamu yolembera inali yotchera Chingerezi, ndiye pafupifupi liwu lililonse la Chichewa linkalandira mzere wofiira pansi pake. Kwa zaka zambiri mzere umenewo kwa mayiwa unkatanthauza kuti walakwa. Ndinawaona akuima, kufufuta liwu lolondola, n'kulitayipanso chimodzimodzi. Logan ndi Crump analemba za zofanana ndi izi mu magazini ya Science mu 2010. Anakonza kompyuta kuti nthawi zina izionetsa cholakwika pamene munthu watayipa bwino, nthawi zina izikonza mwakachetechete pamene walakwitsa. Anthuwo anavomera milandu ya zolakwika zimene sanachite, ndipo anadzitama pa zimene kompyuta inawakonzera. Koma zala zawo sizinapusitsidwe: zinkachedwa pang'ono pambuyo pa cholakwika chenicheni, ngakhale chobisidwa, ndipo sizinkachedwa pambuyo pa chabodza. Mutu umakhulupirira sikirini, zala zimakhulupirira zimene zamva. Mayiwa ankakhala tsiku lonse pamaso pa sikirini yowanamizira milandu.

Laputopu inali ndi gawo lake, ngakhale laling'ono. Mabatani ake ndi aphwatalala, salowa kwambiri, ndipo timizere totukuka ta pa f ndi j, timene zala zimapezera malo ake popanda maso, tinali tosamveka bwino kwa munthu wozolowera kiyibodi yakuya.

Chithandizo

Zosavuta tinazichita tsiku loyamba. Tinalumikiza kiyibodi wamba ku laputopu, tinazimitsa mizere yofiira ndi kukonza mawu kwa pulogalamu pa zikalata za Chichewa, ndipo tinaika ŵ pa mabatani awiri odina pamodzi, chifukwa ofesi yawo imamufuna m'mayina ena ndipo poyamba ankachita kukamusaka ndi mausi.

Chachiwiri chinali kubweza maso pa pepala. Ndinawafunditsa manja ndi chitenje chawo chomwe. Poyamba anakana. "Aphunzitsi, ndilakwitsatu." Ndinati, "Lakwitsani mayi, pepala ili silipita kwa abwana." Nthawi zina ndinkatembenuzanso sikirini kuti asaione, ndipo ndinkawapempha kuti akamva ngati chala chaphonya angonena kuti "apo" osaima. Tikayang'ana pambuyo pake, malo ambiri amene ananena kuti "apo" panalidi cholakwika. Sindinapeze njira ina yowabwezera chikhulupiriro yoposa imeneyi, chifukwa anadzionera okha kuti zala zawo zili ndi mlonda wake.

Chachitatu, chimene chinatenga nthawi, chinali kuphunzitsa zala Chichewa. Sitinabwerere ku mizere ya "fff jjj", ndipo ndikupempha anzanga kuti asamabwezereko munthu amene ali kale katswiri. Mizere imeneyo ndi ya wophunzira amene sanadziwe malo a mabatani. Kwa katswiri imangoitana mutu kuti ubwere kudzalowerera. Popeza zala zimalandira mawu athunthu, tinayeserera pa mawu athunthu. Tinatenga maminitsi awo akale n'kutolamo mawu obwerabwera: msonkhano, wapampando, anagwirizana, chitukuko, mfumu, anthu, munthu, nyumba, ndalama, mavuto. Ankatayipa liwu lililonse kangapo, kenako m'chiganizo chachifupi, kenako m'ndime. Mawu a "tha", "thu" ndi "tho" tinawapatsa nthawi yawoyawo mpaka "the" anasiya kulowerera. Pa kalembedwe, tinakhala pansi ndi malamulo a kalembedwe ka Chichewa n'kulemba tsamba limodzi la zosankha: izi timalumikiza, izi timalekanitsa, apa timaika kachizindikiro. Tsambalo analimata pa khoma. Cholinga sichinali kuthetsa mikangano ya akatswiri a chinenero, koma kuti mlandu uliwonse uzengedwe kamodzi, osati pa mzere uliwonse. Ndinawapemphanso kuti maminitsi olembedwa pamanja aziyamba awawerenga onse ndi pensulo m'manja, kumasula mawu osaoneka, asanakhudze kiyibodi. Zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma mphindi zimenezo zimabwerera.

Anafuna kuti azibwera Loweruka lonse kuti athane nazo msanga. Ndinakana, ndipo ndinali ndi chifukwa. Mu 1978 Alan Baddeley ndi mnzake Longman anafalitsa zimene anapeza pophunzitsa kutayipa anthu ogwira ntchito ku positi ofesi ku Britain. Amene ankaphunzira ola limodzi pa tsiku anafuna maola ochepa kuti afike pa luso lofanana ndi la amene ankaphunzira maola anayi pa tsiku. Tinagwirizana za kanthawi kochepa m'mawa uliwonse ntchito isanayambe, pa liwiro limene sakulakwitsa kwambiri, osathamangira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikudziwa kuti anzanga ena satigwirizana nacho. Patapita masabata angapo ndinaona pa kanema kuti potayipa "munthu" ndi "nyumba", chala chapakati chayamba kumenya u, kulanditsa chamkombaphala. Buku limati u ndi wa chamkombaphala. Mayiwa sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezi, ndipo ine sindinawauze mpaka chizolowezicho chitakhazikika. Anna Feit ndi anzake a ku yunivesite ya Aalto ku Finland anapeza mu 2016 kuti anthu odziphunzitsa okha, ogwiritsa ntchito zala pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ankatha kuthamanga ngati ophunzitsidwa zala zonse. Chimene chinkasiyanitsa othamanga ndi ochedwa chinali kusasinthasintha, kukonzekeratu chala chotsatira, ndi kusayendetsa dzanja lonse. Kafukufuku wina wa ku Aalto ndi Cambridge mu 2018, wa anthu 168,000, anapeza kuti liwiro la pakati ndi mawu 52 pa mphindi, ndipo othamanga kwambiri amadina batani lotsatira loyamba lisanabwerere m'mwamba. Zimenezi n'zosatheka ndi chala chimodzi. Zala za mayiwa zinapeza zokha njira yogawana ntchito pa mawu amene kiyibodi inawaunjika pa chala chimodzi. Kagawidwe ka m'buku kanapangidwira mawu a Chingerezi, ndipo sindikuona chifukwa chokakamiza munthu kukatsatira pamene Chichewa chikufuna zina.

Kwa abwana ndinalemba kalata yaifupi yopempha zinthu ziwiri: kuti asamaime kumbuyo kwa mlembi akamatayipa, ndi kuti alembi a makomiti apemphedwe kulemba mayina a anthu ndi a midzi m'zilembo zazikulu. Choyambacho anachichita.

Pamene zafika

Patatha miyezi itatu, pa ndime ya Chichewa yosindikiza anafika m'ma 50, ndipo pa maminitsi a pamanja owerengeratu anadutsa 40. Chingerezi chinakhala pomwe chinali. Kuphunzira kwatsopanoku sikunachiwononge, ngakhale anandiuza kuti kamodzikamodzi "the" amatuluka "tha". Maso sabwereranso ku zala pokhapokha pa manambala, amene sanawaphunzire bwino kuyambira kale. Mafayilo ounjikana aja anatha.

Zotsala zilipo. Mayina a anthu ndi a midzi amawachedwetsabe, ndipo adzapitiriza kutero, chifukwa dzina limene zala sizinakumanepo nalo limayenera kupita chilembo ndi chilembo. Chichewa chawo sichinafike pa liwiro la Chingerezi, ndipo sindinawalonjeze kuti chidzafika. Miyezi itatu siingafanane ndi zaka 25. Kachala kakang'ono ka kumanzere kamawawa madzulo tsiku limene maminitsi achuluka. Pa ichi tatsitsa poika kiyibodi kuti dzanja lisapindike, amapumira pakati pa ntchito, ndipo ndawauza kuti kukayamba dzanzi kapena ululu wosatha usiku apite kuchipatala osadikira ine.

Mtsikana wophunzira ntchito uja anamupereka m'manja mwawo kuti amuphunzitse, ndipo mayiwa anabwera kudzandifunsa kuti aphunzitsa bwanji zinthu zimene sangathe kuzinena. Ndinawapatsa chithunzi cha kiyibodi chokhala ndi mitundu ya zala kuti chizilankhula m'malo mwawo, ndi mndandanda uja wa mawu a m'maminitsi, kuti mwanayo ayambe Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi. Tinagwirizana kuti ndidzawayezanso onse awiri pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pa maminitsi enieni a mu ofesi.